Besi yosamveka bwino pabalaza: vuto ndi malo ndi mabatani, osati kukula kwa subwoofer

Akonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule ndi anzathu amene agula subwoofer ya m'nyumba, bokosi la sipika lotulutsa besi yokha, ija yokhala ndi ampulifaya yakeyake m'kati ndiponso pulagi yake ya magetsi. Ntchito yathu ndi yolumikiza ndi kukonza zoimbira, ndipo madandaulo amene timalandira sasintha: pa sofa besi sikumveka pomwe kuchipinda mawindo akunjenjemera, mawu a wowerenga nkhani pa TV akutuluka olemera osamveka bwino, kapena bokosi likungong'ung'uza nyimbo itatha kale. Mwini wake amafulumira kuweruza kuti anamugulitsa chinthu chofooka, n'kuyamba kusunga ndalama zogulira china chachikulu. Ndalama zimenezo zimangolowa m'madzi, chifukwa nthawi zambiri chipangizocho chilibe mlandu. Cholakwika ndi pamene achiika ndi momwe atembenuzira mabatani atatu a kumbuyo kwake.

Besi imavuta chifukwa mafunde ake ndi aatali. Mumpweya mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi imodzi, choncho funde la 80 Hz, kutanthauza mafunde 80 pa sekondi, ndi lotalika mamita 4.3, ndipo la 40 Hz limafika mamita 8.6, kuposa mabalaza ambiri. Funde lotere likagunda khoma limabwerera n'kukumana ndi linzake lomwe likubwera. Pena awiriwa amathandizana besi n'kuchuluka, pena amafafanizana besi n'kusowa. Gwedezani beseni la madzi pang'onopang'ono muone: m'mbali madzi amakwera ndi kutsika kwambiri, koma pakati amangokhala ngati palibe chikuchitika. Chipinda chimachitanso chimodzimodzi ndi besi. Kuti mudziwe noti imene chipinda chanu chimakokomeza, wirikizani kawiri kutalika kwa chipindacho, kenako gawani 343 ndi nambala imeneyo. Balaza la mamita 5 limakokomeza pa 34 Hz, mbali yake ya mamita 4 pa 43 Hz, ndipo siling'i ya mamita 2.7 pa 63 Hz kapena 64 Hz. Pafupi ndi makoma mawu amenewa amaphulika, pakati penipeni pa chipinda amafa. Chipinda chofanana mbali zonse, monga mamita 4 ndi 4, ndicho chovutitsitsa chifukwa mbali ziwirizo zimakokomeza noti imodzimodzi. Mukamvetsa ichi mwadziwa chifukwa chake kukweza voliyumu sikuthandiza munthu wokhala pakati pa chipinda: akakweza, funde lobwerera nalo limakula, ziwirizo n'kupitiriza kufafanizana.

Musanalowetse pulagi, werengani zolembedwa pafupi ndi polowera chingwe cha magetsi. Magetsi athu ndi a 230 V pa 50 Hz. Zoimbira zakale zochokera ku America zimakhala za 120 V, za ku Japan za 100 V, ndipo zikalumikizidwa mwachindunji zimapsa nthawi yomweyo. Zina zili ndi kaswitchi kolembedwa 115 ndi 230. Kaikeni pa 230 musanayatse. Ngati palibe, pakufunika transformer yotsitsa magetsi yokhala ndi mphamvu yoposa yomwe yalembedwa pa subwoofer. Popeza magetsi amazimazima ndipo nthawi zina amabwera mwamphamvu, kachipangizo koteteza kaja kodikira kaye pang'ono magetsi akabwera, ngati kamene ambiri amaika pa filiji, n'kotchipa kuposa ampulifaya yatsopano. A sola aonetsetse kuti inverter yawo ndi ya pure sine wave. Ya modified sine wave imachititsa transformer kulira ndi kutentha.

Kalumikizidwe kamadalira choimbira chomwe muli nacho. Ngati ndi AV receiver, ampulifaya ija yolumikiza TV ndi masipika ambiri, kumbuyo kwake kuli bowo lolembedwa Sub Out kapena Subwoofer Pre Out. Chingwe chimodzi cha RCA, chija cha mawu chokhala ndi pulagi yozungulira ya phini limodzi, chichoke pamenepo chikalowe pa bowo la subwoofer lolembedwa LFE. Ngati subwoofer ilibe LFE, lowetsani pa L kapena R ya Line In, kenako mutembenuze batani la Crossover, losefa mawu kuti subwoofer iziimba besi yokha, mpaka kumapeto kwake kapena muike pa Bypass, kuti kusefa kuchitike malo amodzi okha, mu receiver. Masefa awiri otsatizana amadula kawiri ndipo amasiya mpata pakati pa besi ndi masipika. Ngati muli ndi ampulifaya wamba ya masipika awiri yopanda Sub Out, gwiritsani ntchito malo olembedwa High Level kapena Speaker Level In. Mawaya achoke pomwe pachoka a masipika, wofiira ku chofiira, wakuda ku chakuda, mbali zonse ziwiri. Musaope kuti ampulifaya ilemedwa, subwoofer imangotengapo chizindikiro, mphamvu imagwiritsa ntchito yake. Chenjezo lili pa ma ampulifaya a bridged, omwe ambiri mwa ang'onoang'ono a class D ali m'gulu lake: waya wakuda wa amenewa si earth, ndipo akuda awiriwo akakumana m'kati mwa subwoofer ampulifaya ikhoza kupsa. Onani buku lake kaye. Zonsezi muchite zipangizo zitazimitsidwa.

Tsopano malo, ndipo apa m'pofunika kudekha kuposa pena paliponse. Anthu ambiri amaika subwoofer pansi pa TV kapena pakona chifukwa mpomwe pali mpata. Pakona besi imachulukadi, chifukwa makoma awiri ndi pansi zimathandizira, koma kona imadzutsa manoti onse amene chipinda chimakokomeza, ndiye noti imodzi imatha kumveka mopitirira zinzake n'kumangoti duu duu nyimbo yonse. Kona ndi yabwino kwa subwoofer yaing'ono m'chipinda chachikulu, koma iyesedwe kaye, isangoganiziridwa.

Njira yoyesera ndi yosafuna ndalama, imafuna chingwe cha RCA chachitali, cha mamita 5 kapena kuposa, ndi maondo. Nyamulani subwoofer muiike pa mpando womwe mumakhala poonera TV, mutayala nsalu pansi pake. Ikani nyimbo imene gitala ya besi imayenda kukwera ndi kutsika, osati yongogunda noti imodzi, ndipo izibwereza chigawo chimodzimodzi. Kenako gwadani, mutu ukhale pafupifupi pamene pangakhale sipika ya subwoofer ikakhala pansi, muzikwawa pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma la kutsogolo ndi la m'mbali. Mudzadabwa kuti mukangosuntha theka la mita, noti imene inali kugunda pachifuwa yasowa ndipo ina yatulukira. Musasake pamene pakuphulika kwambiri. Sakani pamene manoti onse akumveka mofanana, pamene mungathe kutsatira chala cha woimba chikuchoka pa noti ina kupita pa ina. Lembani ndi choko malo awiri kapena atatu otere, mutsitse subwoofer muiike pa amodzi mwa malowo, inu mubwerere pa mpando. Zimatheka chifukwa njira ya mawu ndi imodzi kupita ndi kubwera: zomwe khutu linamva pansi paja subwoofer ili pa mpando, ndi zomwe lidzamve pa mpando subwoofer ili pansi paja.

Mpando nawo uli ndi mbali yake. Sofa yogunda khoma la kumbuyo imalandira besi yochuluka yosalongosoka, ndipo yapakati penipeni imalandira yochepa. Kuikoka masentimita 40 kapena 50 kuchoka kukhoma kumasintha zambiri. M'chipinda cha mamita 5, malo a mamita pafupifupi 1.9 kuchokera ku khoma lina ndi poyambira pabwino. Tikudziwa kuti m'nyumba zambiri sofa sangaisunthe chifukwa cha njira yopita kukhitchini, koma ngakhale pang'ono pokha pamathandiza. Eni timawailesi tija ta bokosi limodzi ndi masipika awiri, tokhala ndi batani limodzi lolembedwa Bass, asaganize kuti izi sizikuwakhudza. Kwa iwo malo ndiwo chida chokha chomwe ali nacho.

Ngati bokosi lili ndi bowo lotulutsira mpweya kumbuyo, lisiyireni mpata wa masentimita 15 kapena 20 kuchokera kukhoma. Musaliike m'kati mwa kabati ya TV. Kabatiyo imayamba kulira yokha, ndiponso mbale yachitsulo ya kumbuyo, yomwe imaziziritsa ampulifaya, imasowa mpweya.

Malo akapezeka, pitani ku Crossover. Batani limeneli limanena pamene subwoofer ilekeze kuti masipika apitirize. Poyambira podziwika ndi 80 Hz, mlingo umene a THX, kampani yoika miyezo ya mawu a mafilimu, anaukhazikitsa, ndipo chifukwa chake n'chomveka: pansi pa 80 Hz khutu limavutika kudziwa kumene mawu akuchokera, choncho besi imamveka ngati ikutuluka m'masipika a kutsogolo ngakhale bokosi lili m'mbali. Mukakweza kupitirira 120 Hz, mawu a amuna amayamba kulowa mu subwoofer, chifukwa mawu a munthu wamwamuna polankhula amayambira cha m'ma 85 Hz kukwera. Apa mpamene wowerenga nkhani amamveka wolemera. Masipika a pa shelefu a mainchesi 5 kapena 6 amagwirizana ndi 80 Hz. Aatali oima pansi akhoza kutsika mpaka 60 Hz. Timasipika ting'onoting'ono ta mainchesi 3 timafuna 120 Hz mpaka 150 Hz, ndipo zikatere subwoofer iyenera kukhala kutsogolo pafupi nato, apo ayi mudzamva mawu akugawanika.

Mu menyu ya receiver ikani masipika onse pa Small, ngakhale akhale aakulu maonekedwe. Ambiri amakana chifukwa amaona ngati akunyoza masipika awo odula, koma Small imangouza receiver kuti besi yozama aitumize ku subwoofer. Masipika amapuma, ampulifaya ya receiver imapepukidwa, ndipo mawu apakati amayera. Zolembedwa LFE+Main kapena Double Bass zizimitseni, chifukwa zimatulutsa besi imodzimodzi m'malo awiri. LPF for LFE isiyeni pa 120 Hz, imeneyo si crossover ya masipika, ndi malire a njira ya besi ya m'mafilimu. Amene alumikiza pa High Level atsate njira ina: masipika awo akuimbabe mpaka pansi pomwe angathe, choncho subwoofer ingodzaza pamene iwo alekeza. Ngati buku likuti masipika amafika 55 Hz, yambirani pa 50 Hz kapena 60 Hz, osati 80 Hz, kuti ziwirizo zisaunjikane.

Batani la Phase ndi limene anthu amalisiya osalikhudza chifukwa saona ntchito yake. Pamalo a crossover subwoofer ndi masipika zimaimba noti imodzi nthawi imodzi. Ngati funde la chimodzi likukankha mpweya pamene la chinzake likukoka, pa mpando pamafika zochepa. Theka la funde la 80 Hz ndi mamita 2.1 okha, ndiye subwoofer ikatalikira mpando ndi mamita awiri kuposa masipika, ziwirizo zimatsutsana ngakhale mawaya ali bwino. Apa pamafunika anthu awiri. Wina akhale pa mpando, wina kumbuyo kwa bokosi. Ikani kamvekedwe ka 80 Hz, kapena ka nambala iliyonse yomwe mwasankha pa crossover, komwe mungakapeze pa intaneti kapena pa pulogalamu ya pafoni. Wa kumbuyo asinthe pakati pa 0 ndi 180, wa pa mpando anene pamene pakumveka mwamphamvu. Pamenepo ndi polondola. Ngati batani ndi lozungulira kuchokera 0 mpaka 180 ndipo kusiyana sikukumveka, pali njira yakuthwa: sinthanitsani kwakanthawi waya wofiira ndi wakuda pa masipika onse awiri a kutsogolo, muzungulize Phase mpaka kamvekedwe kaja katachepa kwambiri, kenako mubwezere mawaya m'malo mwake. Khutu limazindikira msanga pamene mawu afa kusiyana ndi pamene achuluka. Osaiwala kubwezera mawayawo.

Pomalizira pa mabatani ndi Volume kapena Gain, ndipo apa mpamene zipangizo zambiri zimafera. Batani limeneli silionjezera mphamvu ya ampulifaya, limangonena kuti ifike msanga bwanji pa malire ake. Kukweza ndi 3 dB (dB ndi muyezo wa kukula kwa mawu) kumafuna mphamvu yowirikiza kawiri, 6 dB kanayi, 10 dB kakhumi. Subwoofer imene ikugwiritsa kale ntchito mawati 100 mukaikweza ndi 6 dB mukuipempha mawati 400 omwe ilibe. Ampulifaya imayamba kudula mafunde, koyilo ya sipika imatentha, guluu amafewa, kenako mumamva kafungo ka vanishi wopsa. Zizindikiro zimabwera kale zisanafike apo: kugogoda kouma pa ng'oma yaikulu, mpweya kufwenthera pa bowo, besi kusiya kukula ngakhale mukukweza. Mukamva chimodzi mwa izi, tsitsani pomwepo.

Yambirani batani lili pa gawo limodzi mwa magawo atatu a ulendo wake, Bass ya pa receiver ili pa 0, ndipo Loudness ndi Bass Boost zitazimitsidwa. Amene ali ndi mita yoyezera mawu aiike polembedwa C ndi Slow, aimitse pa mpando pa msinkhu wa khutu, ayatse kamvekedwe koyezera ka receiver (test tone), ndipo sipika iliyonse pamodzi ndi subwoofer zifike 75 dB. Mapulogalamu a pafoni amathandiza pa masipika, koma maikolofoni a mafoni ambiri sawerenga bwino besi yozama, choncho musawakhulupirire kwambiri pa subwoofer. Amene alibe mita agwiritse ntchito nyimbo yomwe amaidziwa bwino, yokhala ndi gitala ya besi ndi ng'oma zenizeni. Kwezani mpaka muyambe kuzindikira kumene bokosi lili, kenako mutsitse pang'ono mpaka lisowe m'khutu. Yeserani pozimitsa subwoofer mwadzidzidzi: ngati nyimbo yaonda, mwafika, koma ngati mukumva kupepuka ngati mwatula katundu, munakweza mopitirira. Yesaninso ndi nkhani za pa TV. Munthu akamalankhula, subwoofer izikhala ngati yagona. Ndipo muyese pa voliyumu yomwe mumamvera masiku onse, chifukwa khutu silimva bwino besi mawu akakhala otsika. Mukakonza usiku motsitsa, masana mukakweza besi idzasefukira.

Ma receiver ambiri amabwera ndi maikolofoni ndi pulogalamu yodziyezera okha: Audyssey pa Denon ndi Marantz, YPAO pa Yamaha, MCACC pa Pioneer. Gwiritsani ntchito mukamaliza za malo, osati musanayambe, chifukwa pulogalamu imatha kutsitsa pamene pakokomeza koma singadzaze pamene mafunde akufafanizana. Maikolofoni ikhale pa msinkhu wa khutu, yoloza kudenga, isagwiridwe m'manja, ndipo m'nyumba mukhale chete, fani yozimitsa. Ikamaliza onani zotsatira. Ngati yalemba masipika kuti Large, bwezerani pa Small. Ngati pa Denon kapena Marantz mlingo wa subwoofer wafika pa −12 dB, ndiye kuti yafika pa malire ake otsitsira. Tsitsani Gain kumbuyo kwa bokosi muyezenso. Koma ikalemba kuti subwoofer ili pa mamita 4.5 pomwe tepi yanu ikuti 3.5, musakonze. Zamagetsi za m'kati mwa subwoofer zimachedwetsa mawu pang'ono, ndipo kuchedwa kwa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi kumafanana ndi masentimita 34. Receiver yawerengera kuchedwako. Ofuna kuona ndi maso momwe chipinda chikuchitira angagwiritse ntchito pulogalamu yaulere ya pakompyuta ya REW ndi maikolofoni ya USB monga UMIK-1.

Za kung'ung'uza tisanene zambiri, njira yake ndi yachidule. Zulani chingwe cha RCA kumbuyo kwa subwoofer. Phokoso likapitirira, vuto lili m'bokosimo kapena m'magetsi. Kawirikawiri ndi ma capacitor aakulu otha ntchito, ndipo amenewa amasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, choncho musatsegule nokha. Phokoso likatha, ndiye kuti zipangizo zanu zikufika ku earth kudzera njira ziwiri zosiyana, ndipo kamagetsi ka 50 Hz kakuyenda m'chingwe cha mawu. Lumikizani zonse pa extension imodzi. Likapitirirabe, zulani chingwe cha dishi kapena cha eriyo kumbuyo kwa dikoda, chifukwa nthawi zambiri wolakwa ndi ameneyo. Chingwe cha optical kuchokera pa TV kupita ku receiver chingathandize popeza mulibe chitsulo m'kati mwake, bola pasakhale chingwe china chachitsulo cholumikiza ziwirizo. Kapena gulani ground loop isolator, kachipangizo koika pa chingwe cha mawu kodula kamagetsi kaja. Chomwe tikupempha ndi mtima wonse n'chakuti musathyole phini lalitali la pulagi kapena kudula waya wa earth. Phokoso likhoza kutha, koma tsiku limene waya wamoto adzakhudze mbale yachitsulo ija, wogwira ndi mwana wokwawa pansi. Chingwe cha RCA chisayende mogundana ndi cha magetsi mtunda wautali. Zikafunika kukumana, zidutsane mopingasa.

Kunjenjemera kwina si kwa subwoofer ayi. Ikani kamvekedwe koyenda pang'onopang'ono kuchokera 30 Hz mpaka 120 Hz, muziyenda m'chipinda mukugwira chinthu chimodzi chimodzi: magalasi a mawindo, chitseko cha kabati ya mbale, chithunzi cha pakhoma, bolodi ya siling'i yomwe msomali wake wamasuka, ngakhale lata lomwe silinakhomedwe bwino. Chikasiya kulira mutachigwira, ndi chimenecho. Kachidutswa ka labala kapena ka siponji kamathetsa zambiri. Pa matailosi bokosi limatha kuyenda lokha, ndiye liikeni pa mphasa ya labala yokhuthala. Ngati phokoso likuchokera m'bokosimo, mangitsani zomangira za sipika ndi za mbale ya kumbuyo, ndipo muunike m'bowo ndi tochi. Ana amaponyamo zidole, makoswe ndi mphemvu nazo zimakonda kufunda kwa m'menemo.

Subwoofer imene imazima yokha pakati pa filimu kapena kuchedwa kudzuka ikakhala pa Auto sinawonongeke. Chizindikiro chomwe ikulandira n'chochepa. Kwezani mlingo wa subwoofer mu receiver ndi 3 dB mpaka 6 dB, mutsitse Gain kumbuyo ndi mlingo wofanana, kapena mugwiritse ntchito kachingwe ka Y kolowetsa pa L ndi R pamodzi.

Kwa okhala m'nyumba zogundizana, besi imadutsa khoma la njerwa mosavuta kuposa mawu ena onse, ndiye mnansi amamva kugunda kokhakokha popanda nyimbo. Subwoofer isagunde khoma lomwe mukugawana naye. Kuiika pafupi ndi mpando wanu, pambali kapena kumbuyo kwa sofa, crossover ili pa 80 Hz kapena kutsika, kumakupatsani besi yokwanira pa Gain yochepa, ndipo usiku yatsani Night Mode kapena Dynamic Range Control.

Tikupemphanso eni masitolo kuti aziwauza ogula mawati a RMS, omwe ampulifaya imatha kutulutsa mosalekeza, m'malo mowaonetsa manambala a pakatoni a PMPO, onena mphamvu ya kamphindi kochepa chabe. Wogula akhoza kudzitsimikizira yekha poona mphamvu yomwe chipangizo chimakoka ku magetsi, yolembedwa pafupi ndi fyuzi. Bokosi lokoka mawati 60 silingatulutse mawati 3,000 mosalekeza. Ndipo amene ali ndi balaza lalikulu lokhalamo anthu ambiri, ngati ndalama zilipo, ma subwoofer awiri apakatikati oikidwa malo osiyana, monga pakati pa khoma la kutsogolo ndi pakati pa la kumbuyo, amafalitsa besi mofanana pa mipando yonse kuposa imodzi yaikulu, chifukwa pamene ina ikufa inzake imadzazapo.

Ndife,
Amisiri olumikiza ndi kukonza zoimbira,
Lilongwe